Mafilimu a pasta ya agogo a ku Italy akusunga chiyani kwenikweni?

M'tauni ya Nuoro, pachilumba cha Sardinia m'dziko la Italy, muli mtundu wa pasta (chakudya cha ufa wa tirigu chonga sipageti) wotchedwa su filindeu umene anthu odziwa kuupanga bwinobwino ndi owerengeka chabe. Zopangira zake ndi zitatu zokha, ufa wa tirigu, madzi ndi mchere, koma ntchito ya manja imene imalowapo ndi imene imagometsa anthu. Mayi amakanda ufawo kwa nthawi yaitali, kenaka amabenthulako pang'ono, n'kukoka ndi manja awiri, n'kupinda pakati, n'kukokanso, ndipo akatero maulendo 8 m'manja mwake mumakhala tizingwe 256 toonda kwambiri. Tizingweto amatiyala pa chotengera chozungulira choluka, m'magulu atatu opingasana, n'kutiyanika padzuwa, ndipo tikauma amatiphwanyaphwanya n'kutiphika mu msuzi wa nyama ya nkhosa wothira tchizi. Kuyambira kale chakudyachi chimakonzedwera anthu amene amayenda wapansi mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchoka ku Nuoro kupita ku tchalitchi cha San Francesco ku Lula, pa chikondwerero chimene chimachitika kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Okutobala. Chilembereni BBC nkhani ya pasta imeneyi mu 2016, ojambula mafilimu a zakudya akhala akupita ku Nuoro motsatizana, moti lero aliyense amene ali ndi foni ndi intaneti angathe kuonerera tizingwe timeneti tikukokedwa.

Ambiri mwa ojambulawa amanena kuti cholinga chawo ndi kupulumutsa luso limene latsala pang'ono kuzilala, ndipo sindikukayika kuti amanena zimenezi mochokera pansi pa mtima. Chimene ndikutsutsa ndi chikhulupiriro chakuti luso likajambulidwa ndiye kuti lapulumuka. Filimu imasunga umboni wakuti luso linalipo, pamene luso lenilenilo limapitirira pokhapokha patapezeka wachinyamata amene wakhala pambali pa mphunzitsi kwa miyezi yambiri, ndiponso patakhala chifukwa chomveka, makamaka cha ndalama, chomuchititsa kuti asalisiye akamadzafuna kudyetsa banja lake. Mafilimu a mtundu umenewu tiyenera kuwayeza poona ngati akuthandiza pa zinthu ziwiri zimenezi, ndipo tikawayeza motero, ambiri amapezeka kuti ndi opepuka kuposa mmene amaonekera.

Tisanawadzudzule, tiyenera kuvomereza zabwino zimene achita. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi tsamba la pa YouTube lotchedwa Pasta Grannies, limene Vicky Bennison, mlembi wa ku Britain amene ali ndi nyumba m'chigawo cha Marche, anayamba mu 2014. Iye wakhala akuyenda m'midzi ya ku Italy kujambula amayi okalamba, ena a zaka zoposa 90, akupanga pasta m'makhitchini mwawo, ndipo buku limene linatuluka pa ntchito imeneyi mu 2019 linalandira mphotho ya ku America ya zophikaphika yotchedwa James Beard chaka chotsatira. Phindu la ntchitoyi ndi lalikulu chifukwa amayi amenewa sanaphunzire kuchokera m'mabuku, ndipo ambiri sayeza ufa pa sikelo, koma amadziwa ndi maso ndi zala kuti wakwana. Mitundu ya pasta nayonso ndi yambirimbiri, ina yongodziwika m'mudzi umodzi wokha. Ku Puglia kuli orecchiette, timene amatikhwekhwereza ndi mpeni pathabwa n'kutitembenuza pa chala chachikulu. Ku Tuscany kuli pici, zingwe zonenepa zopotedwa ndi zikhatho. M'mudzi wa Morgongiori ku Sardinia muli lorighittas, timphete topotedwa pawiri timene kale ankatikonza pa tsiku la Oyera Onse. Palibe chiganizo cholembedwa chimene chingafotokoze mmene chala chimapindikira popanga zinthu zimenezi monga mmene masekondi khumi a filimu angachitire, ndipo pa mfundo imeneyi kamera yaposa cholembera kutali.

Komabe pali malire amene kamera siingawadumphe, ndipo su filindeu ndi imene imawaonetsa poyera. Opanga pasta imeneyi amakhala ndi mbale ziwiri pambali pawo, ina ya madzi amchere ndi ina ya madzi wamba, ndipo amaviika zala mu iyi kapena mu iyo malinga ndi mmene ufa wokandawo ukumvekera m'manja. Ukakhala kuti sukutanuka amauthira madzi amchere, ukakhala kuti wauma amauthira madzi wamba, ndipo nthawi yoyenera kuyamba kukoka imadziwika ndi khungu la m'zala, chinthu chimene sichioneka pa chithunzi chilichonse. Nkhani ya BBC ija inafotokoza kuti Jamie Oliver, katswiri wophika wa ku Britain, anayesa kwa maola awiri n'kugonja, ndiponso kuti akatswiri a kampani ya Barilla, imene yakhala ikupanga pasta ku Parma kuyambira 1877, anayesa kupanga makina ochita ntchitoyi koma sizinatheke. Ngati munthu amene waima pomwepo, mphunzitsi ali pambali pake, akulephera, woonerera pafoni ali kutali kwambiri ndi luso limeneli, ngakhale atabwereza filimuyo kangati.

Anthu a ku Bologna anayesa njira ina yosungira, yodalira zikalata. Pa 16 Epulo 1972 bungwe la Accademia Italiana della Cucina linakalembetsa ku ofesi yoona za malonda mumzindawo kuti tagliatelle yeniyeni, pasta ya mazira yodulidwa ngati timalamba titalititali, ikapsa, izikhala mamilimita 8 m'lifupi mwake, ndipo chitsanzo chagolide cha muyezo umenewu chimasungidwa kumeneko mpaka pano. Mu 1974 analembetsanso zoyenera kuika m'kati mwa tortellini, pasta yaing'ono yopindidwa yokhala ndi nyama m'kati. Zimenezi n'zosangalatsa kuziwerenga, koma chimene chasunga pasta ya mazira ku Bologna ndi amayi otchedwa sfogline, amene amatenga dzira limodzi pa magalamu 100 aliwonse a ufa, n'kuyala ufa wokandawo ndi ndodo yaitali yathabwa mpaka utapyapyala kwambiri. Amayi amenewa alipobe ambiri chifukwa kupanga pasta ndi manja ku Bologna ndi ntchito yolipidwa. Mumzindawo muli masitolo ang'onoang'ono ogulitsa pasta yatsiku lomwelo, muli malesitilanti olemba anthu ntchito imeneyi, ndipo muli masukulu ophunzitsa lusoli. Kumene kuli malipiro, ophunzira amabwera okha popanda wowanyengerera.

Apa ndi pamene mafilimu ambiri amazemba funso lofunika kwambiri, lakuti n'chifukwa chiyani ana aakazi a agogowa sanaphunzire. Nthawi zambiri wojambula amangotionetsa agogo akupukusa mutu n'kunena kuti achinyamata amakono alibe nthawi, ndipo woonerera amachoka ali ndi maganizo akuti vuto ndi ulesi kapena kunyoza mwambo. Mbiri ya dzikolo imanena zina. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anthu mamiliyoni anachoka m'midzi ya kummwera kupita kukagwira ntchito m'mafakitale a ku Turin ndi Milan, ndiponso ku Germany ndi Switzerland. Mkazi amene amalowa ntchito m'mawa n'kuweruka madzulo sakanatha kuthera maola atatu akupota pasta, pamene paketi ya pasta youma ya kufakitale inali yotsika mtengo ndipo inkapsa m'mphindi khumi. Lero munthu mmodzi ku Italy amadya pasta yokwana makilogalamu pafupifupi 23 pachaka, ndipo yambiri mwa iyo ndi youma, imene lamulo la mu 1967 linanena kuti izipangidwa ndi tirigu wolimba wa durum. Kuwonjezera apo, ana obadwa m'dzikomo anaposa 1 miliyoni mu 1964, koma kuyambira 2022 sakukwana 400,000 pachaka, ndipo midzi yambiri ya m'mapiri yatsala ndi okalamba okhaokha. Agogo angakhale ofunitsitsa kuphunzitsa, koma m'mudzi mulibe woti amuphunzitse.

Dandaulo lakuti zakudya zenizeni zikutha si lachilendonso. Mu 1957, wailesi yakanema ya boma ya RAI itangokhala zaka zochepa, mlembi Mario Soldati anayenda m'chigwa cha mtsinje wa Po akujambula pulogalamu yofufuza zakudya zimene ankati ndi zenizeni, poopa kuti mafakitale azimeza. Papita zaka zoposa 60, ndipo mapulogalamu monga a Stanley Tucci, wochita zisudzo m'mafilimu wa ku America, amene anayamba kuonetsedwa pa CNN mu 2021, akuyendabe m'njira yomweyo. Ngati kujambula kukanakhala kokwanira kupulumutsa luso, bwenzi nkhaniyi itatha kalekale.

Chinthu china chimene chimandivutitsa maganizo ndi mmene mafilimuwa amakongoletsera umphawi. Kuwala kwa dzuwa lolowera pazenera, ufa wouluka pang'onopang'ono ndi nyimbo zofatsa zimapereka chithunzi chakuti kale banja lililonse la kumudzi linkadya pasta ya mazira tsiku ndi tsiku mosangalala. Zoona zake n'zakuti kumpoto kwa Italy, makamaka ku Veneto ndi ku Lombardy, alimi osauka ankadalira polenta, chakudya cha ufa wa chimanga chimene munthu wozolowera nsima angachizindikire msanga, ndipo chifukwa chodya chimenechi chokha popanda ndiwo zokwanira, anthu oposa 100,000 anapezeka ndi matenda a pellagra mu 1881. Pasta ya mazira, makamaka yoika nyama m'kati, inali ya pa Khirisimasi, pa ukwati ndi pa masiku ena apadera. Kummwera pasta inkapangidwa ndi ufa ndi madzi okha, ndipo ku Puglia anthu osaukitsitsa ankakunkha tirigu wopserera m'minda ya eni malo pambuyo potentha mapesi, n'kumupera kuti apeze ufa wakuda wotchedwa grano arso, umene lero ukugulitsidwa mokwera mtengo ngati chakudya chapamwamba. Agogo amene tikuwaonerera akumwetulira anaphunzira ntchitoyi ali atsikana ang'onoang'ono chifukwa panalibe kuchitira mwina, ndipo anaigwira kwa moyo wawo wonse popanda wowalipira. Mwana wawo wamkazi amene anasankha sukulu ndi ntchito ya malipiro sanalakwire aliyense, ndipo filimu imene imafuna kuti timumvere chisoni agogo popanda kumva mbali ya mwanayo yatiuza theka la nkhani.

Alberto Grandi, mphunzitsi wa mbiri ya zachuma pa yunivesite ya Parma, anakwiyitsa anthu ambiri a m'dziko lake pamene ananena, m'buku lake la mu 2018 komanso pocheza ndi nyuzipepala ya Financial Times mu 2023, kuti zakudya zambiri zimene zimatchedwa zamakedzana zinakhazikika posachedwapa, dziko litayamba kulemera. Munthu sakakamizidwa kuvomereza zonse zimene iye amanena, ndipo akatswiri anzake ena amati amakokomeza. Koma mfundo yakuti carbonara, pasta yothira mazira, tchizi ndi nyama ya nkhumba, siipezeka m'mabuku a zophika mpaka itatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndi yovuta kuikana. Ojambula mafilimu akanachita bwino kumvetsera mbali imeneyi, chifukwa chizolowezi chawo chofunafuna njira imodzi yolondola yopangira chakudya chilichonse chimaumitsa chinthu chimene chakhala chikusintha nthawi zonse. Agogo awiri a m'mudzi umodzi amapanga mtundu umodzi wa pasta mosiyana, koma amene wajambulidwa ndiye amasanduka muyezo, ndipo mnzakeyo amaoneka ngati akuphonya.

Kutchuka kumene kamera imabweretsa kulinso ndi mtengo wake, ndipo mzinda wa Bari ndi umboni. M'dera lakale la mzindawo muli kamsewu kotchedwa Arco Basso, kumene amayi amakhala pakhomo pa nyumba zawo ndi matebulo athabwa akupanga orecchiette ndi kugulitsa kwa odutsa. Kamsewu kameneka kajambulidwa kambirimbiri, ndipo alendo odzaona malo, kuphatikizapo otsika m'sitima zikuluzikulu zapamadzi, amadzaza pamenepo. Mu 2019 apolisi analanda orecchiette mu lesitilanti ina ya mumzindawo chifukwa panalibe chosonyeza kumene zinapangidwa, ndipo nkhaniyo inafika mpaka mu nyuzipepala ya New York Times. Chakumapeto kwa 2024 atolankhani a ku Italy ananena kuti ena mwa ogulitsa pakamsewuko ankagula orecchiette za kufakitale n'kuzithira m'timatumba ngati zopangidwa ndi manja, zimene zinakwiyitsa amayi ena mpaka anaimika kaye ntchito. Sindikuweruza amayiwo, chifukwa masamu ake ndi osavuta. Manja awiri amapanga makilogalamu ochepa patsiku, pamene ogula amene mafilimu awatumiza kumeneko ndi masauzande, ndipo ambiri a iwo akufuna chithunzi ndi kathumba kotsika mtengo. Wojambula amene anatchukitsa kamsewuko sanakhalepo kuti athandize kuthetsa vuto la ziphaso, la ukhondo ndi la mitengo, ndipo zonsezo zinatsalira amayiwo ndi khonsolo ya mzinda.

Wina anganene kuti ndikusenzetsa ojambula katundu amene si wawo, popeza ntchito ya filimu ndi kuonetsa, ndipo kuphunzitsa ndi udindo wa mabanja, masukulu ndi boma. Mfundo imeneyi ndi yomveka, ndipo ndikanaivomereza kwathunthu zikanakhala kuti mafilimuwo sadzitcha opulumutsa. Amene wanena yekha kuti wabwera kudzasunga luso ayenera kulola kufunsidwa ngati lasungikadi. Wina anganenenso kuti mafilimu abweretsa ophunzira ochokera kunja, ndipo izi n'zoona. Evan Funke, wophika wa ku America, anakaphunzira kuyala pasta ndi ndodo ku Bologna pa sukulu ya Alessandra Spisni, ndipo malesitilanti ake ku Los Angeles amadziwika ndi pasta yopangidwa ndi manja. Iye amatchula poyera aphunzitsi ake, chinthu choyenera kuchiyamikira. Koma nkhani ya pulogalamu yake imatiphunzitsanso kanthu kena. Mu 2020 anatulutsa pulogalamu yotchedwa Shape of Pasta, momwe ankayenda m'midzi ya ku Italy kufunafuna mitundu ya pasta imene ikutha, ndipo inaonetsedwa pa Quibi, kampani imene inayamba mu Epulo chaka chimenecho n'kutsekedwa chakacho chisanathe. Mapulogalamu a Quibi anagulidwa ndi kampani ina yotchedwa Roku mu 2021, choncho sanatayike, komabe zinaonetsa kuti nkhokwe imene tikuidalira kuti isunge luso la zaka mazana ambiri ili m'manja mwa makampani amene angagwe m'miyezi yochepa, ndipo mudzi umene unajambulidwa ulibe ulamuliro uliwonse pa zithunzi zake.

Pali zitsanzo za kusunga kumene kukugwiradi ntchito, ndipo zonse zili ndi ophunzira pakati pake. Ku Modena kuli ntchito yotchedwa Tortellante, imene inayamba mu 2016 mothandizidwa ndi Massimo Bottura, wophika wotchuka wa mumzindawo, ndi mkazi wake Lara Gilmore. Kumeneko amayi okalamba amaphunzitsa achinyamata amene ali ndi vuto la autism kupinda tortellini, ndipo zimene apanga zimagulitsidwa. Agogo apeza ophunzira oleza mtima, achinyamata apeza ntchito, ndipo tortellini zikupangidwa sabata iliyonse kaya pali kamera kapena palibe. Ngakhale su filindeu, imene kale inkaphunzitsidwa m'banja mokha kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, inayamba kupeza mpweya watsopano pamene odziwawo anavomera kuphunzitsa anthu akunja kwa banja. Mafilimu anathandiza kuti anthu adziwe zoti pasta imeneyi ilipo, koma chimene chinasintha zinthu ndi chisankho cha amayiwo chotsegula chitseko. Bungwe la Slow Food, limene Carlo Petrini anayambitsa pambuyo pa zionetsero za mu 1986 zotsutsa kutsegulidwa kwa lesitilanti ya zakudya zachangu ya McDonald's pafupi ndi bwalo la Piazza di Spagna ku Rome, linaika su filindeu pa mndandanda wake wa zakudya zimene zili pachiopsezo, wotchedwa Ark of Taste. Bungweli linaonanso msanga kuti mndandanda pawokha sukwanira, n'chifukwa chake linayambitsa ntchito zothandiza opanga zakudya ang'onoang'ono kupeza misika.

Pangano la UNESCO la mu 2003 lokhudza chikhalidwe chosagwirika nalo limaika kupatsirana luso kuchoka ku m'badwo wina kupita ku wina pakati pa zimene limatcha kuteteza. Mu Disembala 2017, pa msonkhano wa ku Jeju m'dziko la South Korea, bungweli linalemba luso la opanga pizza a ku Naples pa mndandanda wake, ndipo pa msonkhano womwewo linalembanso nsima ya ku Malawi. Amene anasangalala ndi nkhani imeneyo kuno akudziwa kuti chikalata chimenecho sichinaphunzitse mwana aliyense kuvundula, ndipo n'chimodzimodzi ndi ulemu uliwonse umene pasta ingalandire.

Sindikunena kuti mtundu uliwonse wa pasta uyenera kupulumutsidwa zivute zitani, kapena kuti makina ang'onoang'ono opukusa ndi dzanja, onga amene makampani a Marcato ndi Imperia anayamba kupanga m'ma 1930, ndi adani a mwambo. Banja limene limayala pasta ndi makina amenewa Lamlungu likusunga zambiri kuposa munthu amene waonerera mafilimu 100 osakhudzapo ufa. Zimene ndikupempha kwa ojambula ndi zinthu zotheka. Mayi amene wathera tsiku lonse akuonetsa luso lake alipidwe monga katswiri aliyense amene filimu yamugwiritsa ntchito, ndipo woonerera auzidwe kuti walipidwa. Kuwonjezera pa mphindi zisanu zokongola zimene zimaikidwa pa intaneti, pajambulidwenso ntchito yonse kuyambira kukanda mpaka kuumitsa, mosadula, kuphatikizapo pamene ufa wakana ndi zimene mayiyo wachita kuti aukonze, chifukwa wophunzira amafunikira kwambiri mbali imeneyo. Zithunzi zonsezo zikasiyidwe ku laibulale ya tauniyo kapena ku sukulu yophunzitsa zophika ya m'chigawocho, kumene mdzukulu angakazipeze popanda kupempha chilolezo kwa kampani ya kunja. Ndipo wojambula akafika m'nyumba afunse ngati alipo amene akuphunzira. Ngati alipo amuonetse pamodzi ndi zolakwitsa zake, ndipo ngati palibe akafufuze mwana wamkazi amene anasamukira ku Milan n'kumupatsa mpata wofotokoza yekha chifukwa chimene anachokera.